Kodi John Marin anaiwala kujambula? Yankho kwa mphunzitsi amene anandilembera

Mlungu wathawu ndinalandira imelo kuchokera kwa mphunzitsi wina wa kusekondale amene amaphunzitsa zaluso, ndipo ndaona kuti funso lake ndi loyenera kuliyankha poyera, chifukwa anthu ambiri amakhala nalo mumtima koma amachita manyazi kulifunsa. Iwo akuti pokonzekera phunziro anapeza pa intaneti zithunzi ziwiri za mmisiri wa ku America dzina lake John Marin. Choyamba chinali cha nyumba zakale za mumzinda wa Venice ku Italy, chopangidwa mu 1907 mwaudongo, mawindo ndi zipilala zonse zili m'malo mwake. Chachiwiri chinali cha mu 1922, chotchedwa Lower Manhattan, chimene kwa iwo chikuoneka ngati mwana watayira utoto papepala kenako n'kukhwatchakhwatcha ndi khala. Akufunsa kuti kodi munthu ameneyu anaiwala kujambula pamene ankakula, kapena anangotengera mafashoni a ku Ulaya pofuna kutchuka, ndiponso kuti n'chifukwa chiyani mabuku amamutcha katswiri wa utoto wamadzi.

Aphunzitsi, zikomo chifukwa cha kalata yanu. Ndiyambe ndi kunena kuti Marin sanaiwale kanthu, ndipo dzanja limene linajambula mawindo a ku Venice ndi lomwelo limene linachititsa kuti chithunzi cha mu 1922 chisagwe ngakhale kuti zonse zili m'menemo zapendekeka. Chimene chinasintha pa zaka khumi ndi zisanu zimenezo ndi ntchito imene iye ankaipatsa mzere. Poyamba mzere wake unkanena za mmene chinthu chaimira, kenako unayamba kunena za mmene zinthu zikukankhirana ndi kukokana, ndipo atafika pamenepo anakumana ndi vuto limene analimbana nalo mpaka imfa yake, vuto la mmene angasungire chipwirikiti choterocho m'kati mwa pepala limodzi osachilola kuti chimwazike. Nkhani ya kakulidwe ka luso lake yagona pamenepo.

John Marin anabadwa pa 23 Disembala 1870 ku Rutherford, m'chigawo cha New Jersey. Mayi ake anamwalira iye ali ndi masiku ochepa chabe, choncho analeredwa ndi agogo ake akuchikazi pamodzi ndi achemwali awiri a mayi ake ku Weehawken, tauni imene ili kutsidya kwa mtsinje wa Hudson moyang'anana ndi New York. Anaphunzirako pang'ono pa Stevens Institute of Technology, kenako anagwira ntchito kwa zaka zingapo m'maofesi a anthu ojambula mapulani a nyumba, ndipo anayesanso kuima payekha pantchito yomweyo koma sizinamuyendere. Analowa sukulu ya zojambula ya Pennsylvania Academy of the Fine Arts ku Philadelphia mu 1899 ali ndi zaka 28, msinkhu umene anzake ambiri anali atamaliza kale maphunziro, ndipo anakhalako mpaka 1901, mmodzi mwa aphunzitsi ake ali Thomas Anshutz. Pambuyo pake anaphunzirakonso kanthawi pa Art Students League ku New York. Zaka za mu ofesi ya mapulani anthu ambiri amazidumpha ngati nthawi yotayika, koma ine ndimaona kuti ndizo zinamuphunzitsa kudziwa pamene kulemera kwa nyumba kwatsamira, ndipo munthu amene akudziwa zimenezi akhoza kupendeketsa nyumba papepala popanda kuigwetsa.

Mu 1905, ali ndi zaka 34, anapita ku Paris, ndipo anakhala ku Ulaya zaka pafupifupi zisanu akuyendera Netherlands, Belgium, England ndi Italy. Chithunzi cha ku Venice chimene mwaona ndi cha nthawi imeneyi, ndipo m'pofunika kudziwa kuti si chojambulidwa ndi burashi ayi, koma chodindidwa. Mmisiri amatenga chitsulo chopyapyala cha mkuwa n'kuchipaka phula, kenako amajambula pa phulalo ndi kachitsulo kosongoka ngati singano. Akachiviika mu asidi, asidiyo amadya mkuwa m'malo okhawo amene singano yadutsa. Akachotsa phula amapaka inki, amapukuta kuti inki itsale m'timizere mokha, n'kudinda papepala ndi makina. Ntchito imeneyi imafuna kudekha, ndipo chithunzi chimatuluka chotembenuka, kumanja kukhala kumanzere. Marin ankatsata njira ya James McNeill Whistler, mmisiri wa ku America amene anakhala ku Ulaya ndipo anatchuka ndi zithunzi zodinda za ku Venice, ndipo zithunzi za matchalitchi, milatho ndi misewu yakale zoterezi zinali ndi msika, moti zinkamuthandiza kupeza ndalama. Ndi zokongola ndithu, koma mukaziyang'anitsitsa mupeza kuti zikanatha kupangidwa ndi aliyense mwa amisiri ambiri amene anali ku Paris panthawiyo akutsata Whistler.

Kuti timvetse zimene zinatsatira, tiyenera kuima kaye pa utoto wamadzi weniweniwo, chifukwa khalidwe lake ndi losemphana ndi la mkuwa ndi singano. Utoto wamafuta ndi wokhuthala ndipo umaphimba, moti munthu akalakwitsa amangopaka wina pamwamba. Utoto wamadzi suphimba, kuwala kumaudutsa n'kukagunda pepala kenako n'kubwerera m'maso mwa woonera, ndipo n'chifukwa chake umawala chonchija. Kuyera konse kwa m'chithunzi ndi pepala lenilenilo limene mmisiri walisiya dala osalikhudza, kotero kuti ayenera kudziwa asanayambe kuti thovu la funde kapena khoma lowala likhala pati. Ukapaka pa pepala lonyowa umayenda wokha n'kulowererana ndi unzake, ukapaka pa pepala louma umasiya m'mphepete mwakuthwa, ndipo burashi ikakhala yosanyowa kwenikweni imangokhudza timapiri ta pepala lokhakhala n'kusiya timadontho toyera pakati. Ine ndinayesapo zaka zingapo zapitazo kujambula mtengo wa mango ndi utoto wotsika mtengo wa ana asukulu, ndipo chifukwa ndinkabwereza kupaka pamalo amodzi pofuna kukonza, masamba anasanduka mtundu wa madzi otsukira mbale, pepala n'kufufuma ngati chitumbuwa. Utoto umenewu sufuna munthu wokayikakayika. Choncho mukaona mzere umodzi wa burashi wa Marin utagona molimba pamalo pake, woyera bwino, osabwerezedwa, dziwani kuti pamenepo pali luso lalikulu kuposa la kuwerenga mawindo.

Zithunzi zake za utoto wamadzi za ku Paris ndi London zinali zofatsa, za mitundu yosawala, zodzaza ndi chifunga monga ankakondera Whistler. Kusintha koyamba kooneka kunabwera mu 1910, pamene anakakhala milungu ingapo m'mapiri a Tyrol ku Austria. Kumeneko kunalibe zipilala zoti awerenge, kunali mapiri, mitambo ndi nkhungu zimene zimasintha munthu asanatsuke burashi, ndipo m'zithunzi zimenezi mitundu inayamba kuwala, makamaka wobiriwira ngati thambo, malo osapakidwa anachuluka, ndipo phiri linayamba kuoneka ndi zigamba zochepa za utoto m'malo mwa mzere wolizungulira.

Chaka chimodzi izi zisanachitike, panachitika chinthu china chimene chinakonza moyo wake wonse. Edward Steichen, wojambula zithunzi ndi kamera amene anali ku Paris, anaona ntchito za Marin n'kumulumikiza ndi Alfred Stieglitz, amene anali ndi kachipinda koonetseramo zithunzi pa nambala 291 mumsewu wa Fifth Avenue ku New York, ndipo anthu ankangokatcha 291. Zithunzi za Marin zinaonetsedwa kumeneko koyamba mu 1909, ndipo kuyambira pamenepo Stieglitz anazionetsa pafupifupi chaka chilichonse mpaka pamene anamwalira mu 1946, poyamba pa 291, kenako pa Intimate Gallery, pomaliza pa An American Place. Iye ndiye ankakambirana ndi ogula ndi kuyendetsa za ndalama. Anthu okonda kukamba za luso ngati chinthu chochokera kumwamba sakonda kumva zimenezi, koma zoona zake n'zakuti Marin anatha kusiya zithunzi za matchalitchi zimene zinkagulidwa mosavuta, n'kuyamba zimene anthu ankaziseka, chifukwa panali munthu amene anamuchotsera nkhawa ya chakudya cha mawa.

Tsopano tibwere ku funso lanu lakuti kodi anangotengera za ku Ulaya. Iye mwini ankakonda kunena kuti ku Paris ankasewera mabiliyadi, kuyendayenda ndi kudinda zithunzi, ngati kuti kusintha kwakukulu kumene kunkachitika m'zojambula mumzindawo kunamudutsa osakuona. Sindikhulupirira kuti zinali choncho kotheratu, chifukwa ankaonetsa ntchito zake pa chionetsero cha Salon d'Automne, kumene mu 1907 kunaonetsedwa zithunzi zambiri za Paul Cézanne, mmisiri wa ku France. Komabe ntchito zake za ku Paris zikusonyeza kuti zimene ankaonazo zinali zisanamulowe. Chodabwitsa n'chakuti Ulaya watsopanoyo anamupeza atabwerera kwawo, m'kachipinda ka Stieglitz komweko, kumene mu 1911 kunaonetsedwa zithunzi za utoto wamadzi za Cézanne, kenako ntchito za Pablo Picasso. Cézanne ankamanga phiri kapena mtengo ndi tizigamba ta utoto tosanjikizana n'kusiya pepala lalikulu loyera, ndipo Picasso ndi anzake ankaswa chinthu n'kuchionetsa mbali zingapo nthawi imodzi. M'zaka zomwezo Robert Delaunay ankajambula nsanja ya Eiffel ikuoneka ngati ikuthyoka, ndipo amisiri a ku Italy otchedwa Futurists ankalalikira za liwiro ndi makina. Marin anapuma mpweya umenewu, ndipo kukana zimenezi kungakhale kunama. Koma anatengako zida zokha, ntchito imene anazigwiritsira inali yake, ndipo inachokera ku chinthu chimene anachiona ndi maso ake.

Chinthucho chinali New York. Mzinda umene anaupeza atabwerera kudzakhazikika cha m'ma 1911 sunali umene ankauona ali mnyamata kuchokera ku Weehawken. Nyumba zosanjikizana zinali kuphuka ngati bowa, sitima zinali kuyenda pamwamba pa misewu ndi pansi pa nthaka, ndipo mumsewu wa Broadway munali kumangidwa nyumba ya Woolworth, imene itatsegulidwa mu 1913 inali yaitali mamita 241, yoposa nyumba ina iliyonse padziko lapansi mpaka 1930. Mu 1912, chaka chimene anakwatira Marie Jane Hughes, Marin anaijambula nyumbayi mobwerezabwereza ndi utoto wamadzi, ndipo zinayi mwa zithunzizo, zokhala ndi manambala 28, 29, 31 ndi 32, zili ku National Gallery of Art ku Washington. Mukaziika pamzere mumaona munthu akusintha pamaso panu. M'choyamba nyumbayo yaima chilili, ikudziwika bwino, ndipo tinyumba tating'ono tili pansi pake. M'zotsatira imayamba kupendekeka, thambo lozungulira limasanduka mikwingwirima ya burashi yopita uku ndi uku ngati mphepo ya kamvuluvulu, nyumba zapafupi zimaweramira kwa iyo kapena kuithawa, mpaka m'chomaliza nyumbayo yatsala pang'ono kusungunuka, yangotsala mphamvu yake yokwera kumwamba. Zonsezi ndi za chaka chimodzi, ndipo munthu saiwala kujambula m'miyezi yochepa.

Kumayambiriro kwa 1913, poonetsa zithunzi za New York zimenezi pa 291, Marin analemba mawu ochepa ofotokoza cholinga chake. Mfundo yake inali yakuti mzinda wonse ndi wamoyo, nyumba ndi anthu omwe, kuti zinthu zazikulu zimakoka zazing'ono ndipo zazing'ono nazo zimakoka zazikulu, ndiponso kuti m'kati mwa malire a chithunzi mphamvu zolimbanazi ziyenera kulamulidwa kuti zikhale pa muyezo. Aliyense amene anaimapo pansi pa nyumba yaitali kwambiri n'kuyang'ana kumwamba mitambo ikuyenda akudziwa kuti nyumbayo imaoneka ngati ikumugwera, ngakhale nzeru zikumuuza kuti yaima nji. Marin anasankha kujambula zimene thupi likumva, osati zimene nzeru zikudziwa. Mu Febuluwale chaka chomwecho kunatsegulidwa chionetsero chachikulu chotchedwa Armory Show, chimene chinadzidzimutsa anthu a ku America ndi zojambula zatsopano za ku Ulaya, ndipo pakati pa amisiri a m'dzikomo Marin anali mmodzi mwa ochepa amene ntchito zawo sizinaoneke zachikale pambali pa za alendowo. Anali ndi zaka 42.

Mu 1914, chaka chimene mwana wake anabadwa, anapita koyamba ku Maine, chigawo cha kumpoto chakum'mawa chimene gombe lake ndi la matanthwe, tizilumba tambirimbiri ndi mitengo ya paini, ndipo kuyambira pamenepo moyo wake unakhala wa mbali ziwiri: miyezi yozizira ku Cliffside, New Jersey, pafupi ndi mzinda, miyezi yotentha kunyanja. Anayambira ku Casco Bay, kumene anagula kachilumba kopanda madzi akumwa kamene kanatchedwa Marin Island, ndipo kuyambira 1919 ankapita ku Stonington pa chilumba cha Deer Isle. Nyanja inamubweretsera funso lomwe lija koma motembenuka. Mumzinda anali ndi zinthu zoima zimene anafuna kuziyendetsa, pamene kunyanja anali ndi chinthu chosaima chimene anafunika kuchigwira. Winslow Homer, amene anamwalira mu 1910, anali atajambula kale nyanja ya Maine mwamphamvu, koma mafunde a Homer ali ngati aimitsidwa pa kamphindi kamodzi kuti tiwaone bwino. Marin anafuna kuti dzanja lenilenilo liyende mmene madzi akuyendera, kuti woonera atsate kuyenda kwa burashi ndi maso n'kumva funde.

Pofuna zimenezi anaswa pafupifupi malamulo onse amene aphunzitsi a utoto wamadzi ankaphunzitsa. Ankagwiritsa ntchito pepala lokhuthala, lokhakhala, limene limapirira nkhanza. Ankapaka utoto kenako n'kuuyamwitsa ndi kansalu usanaume kuti patsale mthunzi wake wokha. Ankapala ndi mpeni kapena ndi chogwirira cha burashi kuti kuyera kwa pepala kutulukenso, ankafikisa ndi chala, ndipo ankadutsitsa khala kapena pensulo pamwamba pa utoto m'malo mobisa mizere pansi pake monga ankachitira ena. Akatswiri a ku Art Institute of Chicago, kumene kuli zithunzi zake zambiri zimene Georgia O'Keeffe anapereka kuchokera m'chuma cha mwamuna wake Stieglitz, anaziunika mosamala pokonzekera chionetsero cha mu 2011, ndipo zimene anapeza zikusonyeza kuti zambiri zimene zimaoneka ngati zinachitika m'kamphindi zinadutsa m'magawo angapo a kupaka, kuchotsa ndi kubwezeretsa. Liwiro limene timaona m'zithunzi za Marin ndi lokonzedwa.

Yankho lake lalikulu pa vuto la kumwazika linakhwima cha m'ma 1920, ndipo limaoneka bwino m'chithunzi cha Maine Islands cha mu 1922, chimene chili ku Phillips Collection ku Washington. Woonera ali pamalo okwera. Pansi pa pepala pali zitsamba ndi mitengo zojambulidwa ndi madontho ndi timizere tachangu, pakati pali madzi otambasuka ndi tizilumba tating'ono tondondozana mpaka kutali, koma m'mbali mwa zonsezi Marin anajambula mizere yopendekeka ndi zigamba zotuwa zimene zikutsekera malowo ngati munthu akusuzumira pawindo. M'chilengedwe mulibe mizere imeneyi. Ndi felemu ya m'kati mwa chithunzi, mpanda umene anamanga kuti maso a woonera asatuluke papepala koma abwerere pakati. Atapeza njira imeneyi anatha kulola m'katimo kuti muchite phokoso mmene mungathere, podziwa kuti mpanda ugwira. Nkhani ya malire inamukhudza kwambiri moti m'zaka zotsatira ankapanga yekha mafelemu a matabwa n'kuwapaka utoto wogwirizana ndi chithunzi, pokana kuti ntchito yake ithere pamene wopala matabwa wina wafuna.

Tsopano yang'ananinso chithunzi chimene chinakukhumudwitsani, Lower Manhattan, chimene chili ku Museum of Modern Art ku New York. Dzina lake lonse limanena kuti chinachokera pa zimene anaona ali pamwamba pa nyumba ya Woolworth, kutanthauza kuti nyumba imene zaka khumi m'mbuyomo ankaiyang'ana ali pansi, tsopano waikwera ndipo akuyang'ana mzinda uli kunsi kwa mapazi ake. N'chifukwa chake mulibe pansi pamene maso angapondepo. Misewu ikuchoka pakati n'kumwazikira kumbali ngati masipoko a njinga, mizere yakuda yokhuthala ikudula nyumba m'zidutswa, ndipo kutali kukuoneka mtsinje ndi mlatho. Chakumunsi kwa pepala kuli kanthu kooneka ngati nyenyezi kapena duwa lachikasu, ndipo kameneka si kojambulidwa pa pepala lalikululo ayi, ndi kapepala kena kamene anakadula n'kukasokerera ndi ulusi. Kakuimira denga lozungulira lagolide la nyumba ya nyuzipepala ya New York World, limene munthu akanaliona likunyezimira ali pamwambapo. Phimbani kanyenyeziko ndi chala pa kompyuta yanu, muona kuti chithunzi chonse chabalalika. Chotsani chala, zonse zibwerera kudzazungulira pamenepo ngati gudumu pa ekiselo yake. Mwana wotayira utoto sasoka kapepala ndi singano pamalo amodzi okhawo amene akugwira chithunzi chonse.

Kwa ine zaka za pakati pa 1920 ndi 1928 ndizo nsonga ya ntchito yake, ndipo ogula nawonso anayamba kuvomereza, moti Stieglitz analengeza kuti mu 1926 Duncan Phillips, amene anayambitsa Phillips Collection, anagula chithunzi cha Back of Bear Mountain pa mtengo wa madola 6,000, ndalama zimene panthawiyo zinali zosamveka pa chithunzi cha utoto wamadzi cha mmisiri wamoyo wa ku America. Kufunika kwa nkhaniyi n'kwakuti utoto wamadzi unkaonedwa ndi ambiri ngati wongoyeserera, woyenera anthu ojambula pongocheza kapena wokonzekerera chithunzi chenicheni cha mafuta, ndipo Marin, pamodzi ndi anzake monga Charles Demuth ndi Charles Burchfield, anaukweza kufika pokhala ntchito yomalizidwa payokha.

Mu 1929 ndi 1930 anakakhala miyezi yotentha ku Taos, m'chigawo cha New Mexico, monga mlendo wa Mabel Dodge Luhan, ndipo anajambula zithunzi pafupifupi 100 za dziko louma, lotambasuka, la mapiri akutali. Storm over Taos cha mu 1930 ndicho chodziwika kwambiri, mmene mudzi uli kamzere kakang'ono pansi ndipo thambo la mvula latenga pafupifupi pepala lonse. Sanabwererekonso.

Kuyambira cha m'ma 1930 anayamba kugwiritsa ntchito kwambiri utoto wamafuta, umene anali ataukhudzako kale m'tizithunzi tating'ono ta ku Weehawken, ndipo mu 1933 anapeza malo ake omaliza ku Cape Split, m'dera la Addison, kumpoto kwenikweni kwa gombe la Maine, kumene anagula nyumba yoyang'ana nyanja. Chifukwa chosinthira chikumveka: nyanja ya kumeneko ndi yolemera, ndipo utoto wokhuthala umatha kunyamula kulemera kumene utoto wamadzi sungathe. Ankanena kuti akufuna funde la utoto likuswekera pa gombe la utoto, kutanthauza kuti woonera asaiwale kuti akuona utoto, osati madzi enieni. Apa ndinene maganizo anga mosabisa, ngakhale ena atsutsa: zambiri mwa zithunzi zake za mafuta za m'zaka zimenezi zimandilemera, zilibe mpweya umene pepala loyera linkapereka, ndipo mpanda wa m'kati uja nthawi zina umaoneka ngati chizolowezi chabe osati yankho la vuto. Munthu amene wajambula zithunzi zambirimbiri kwa zaka makumi asanu sangalephere kudzibwereza, ndipo Marin anadzibwereza. Komabe mu 1936 Museum of Modern Art inamukonzera chionetsero cha ntchito za moyo wake wonse, ulemu umene amisiri a ku America ochepa kwambiri anali atalandirapo.

Mkazi wake anamwalira mu 1945, Stieglitz mu 1946, ndipo munthu akanayembekezera kuti nkhalamba ya zaka 75 ingopitiriza zimene inazolowera. M'malo mwake njira ziwiri zija zinakumana. Anayamba kusungunula utoto wamafuta kuti ukhale wopyapyala, kusiya chinsalu choyera osachipaka monga ankasiyira pepala, ndi kujambula mizere yopyapyala yopotanapotana pamwamba, nthawi zina pofinya utoto kudzera mu sirinji ya kuchipatala. Chithunzi cha The Written Sea cha mu 1952, chimene chili ku National Gallery of Art, chili monga dzina lake likunenera, nyanja yolembedwa: mafunde, miyala ndi mabwato ndi timizere tokhala ngati zilembo za munthu wolemba mofulumira pa tsamba loyera. Mzere wopyapyala umenewu ndi wa singano ija ya pa mkuwa ya ku Venice, wabwerera patapita zaka 45, koma tsopano sukuzungulira zinthu, ukuyenda nazo.

Mu 1948 magazini ya Look inafunsa oyang'anira nyumba zosungira zithunzi ndi olemba za luso kuti atchule mmisiri wopambana wa ku America, ndipo Marin ndiye anakhala woyamba. Mu 1950 ntchito zake zinapatsidwa malo aakulu pa chionetsero cha Venice Biennale, m'nyumba yomweyo imene munali zithunzi za achinyamata monga Jackson Pollock, Willem de Kooning ndi Arshile Gorky. Anthu ambiri amamutcha kalambulabwalo wa gulu limeneli, ndipo pa nkhani ya kulola kuyenda kwa dzanja kuti kuoneke m'chithunzi akunena zoona. Koma pali kusiyana kumene sikuyenera kufufutidwa. Ambiri a m'gulu limeneli anafika posiyiratu kujambula chinthu chooneka, pamene Marin sanalole kutero mpaka pamene anamwalira ku Cape Split mu Okutobala 1953 ali ndi zaka 82. M'chithunzi chake chilichonse, ngakhale chosokonekera chotani, muli bwato, thanthwe, mlatho kapena mtengo umene anauona tsiku linalake ataima pamalo enaake, ndipo mayina a zithunzi zake nthawi zambiri amatchula malowo.

Pa za phunziro lanu, Aphunzitsi, ndikupemphani kuti musaike chithunzi cha 1907 pambali pa cha 1922 pokha, chifukwa ophunzira adzaona phompho lomwe munaona inu. Ikani pakati pake chimodzi cha ku Tyrol cha 1910 ndi zinayi za Woolworth zija motsatana manambala, kenako Maine Islands, ndipo muwafunse kuti aloze ndi chala pamene pepala lasiyidwa loyera m'chilichonse. Muwauzenso kukula kwake, popeza foni imachepetsa zonse kukhala zofanana: Lower Manhattan ndi pepala la masentimita pafupifupi 55 m'litali ndi 68 m'lifupi mopingasa, ndipo ulusi umene wagwira kanyenyezi kaja umaoneka mukakulitsa chithunzicho pa tsamba la intaneti la Museum of Modern Art.